Makina Awiri a ku Bombay

Bombay, India
14 Novembala 1994

Okondedwa achemwali anga a Zeinabu,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana ku Ndirandeko. Nanga mwendo wa amayi uja waphwa? Ine kuno ndili bwino, Mulungu akundisunga.

Tinafika Lachitatu, ine ndi abwana anga. M'ndege ndinagwira mpando mpaka zala kuuma, koma potsika ndinayenda ngati wozolowera. Achemwali, muja timanenera kuti msika wa Ndirande umadzaza mwezi ukatha, timangocheza. Kuno msewu uliwonse ndi msika. Anthu amalendewera pazitseko za sitima ngati mileme. Ng'ombe imagona pakati pa msewu, magalimoto n'kumailambalala mwaulemu. Kwathu bwenzi ili kanyenya dzuwa lisanapendeke.

Tsiku loyamba njala inatsala pang'ono kundigwetsa chakudya chili pamphuno. Ndinafunsa wogulitsa wina ngati mpunga ulipo, iye n'kupukusa mutu. Wachiwiri chimodzimodzi. Wachitatu anachita kundigwira mkono n'kundikhazika pabenchi. Kani kuno kupukusa mutu ndiye kuvomera! Mpungawo unabwera, koma tsabola wake ndinadya misozi ili chuchuchu, ophika akuseka. Ndikati ndachokera ku Malawi amafunsa ngati ndi ku Malaya. Lachisanu ndinapeza mzikiti, anthu n'kundisunthira malo ngati m'bale wawo. Pamenepo mtima unakhala pansi.

Tsono za ntchito. Mukudziwa kuti chibwerereni matipate aliyense ku Blantyre akufuna nyuzipepala yake, ndipo makina athu osindikizira atopa. Ndiye tabwera kudzagula ena, ndipo wogulitsa wake anationetsa makina awiri. Ena anali opaka penti yatsopano, owala ngati galimoto ya ukwati, ndipo abwana anawakonda pomwepo. Atawayatsa n'kuyamba kulira, ine ndinagunditsa sikuludiraiva pachitsulo, chigwiriro chake n'kuika kukhutu. Antchito a pamenepo anafa nacho chiseko, ati kwabwera dokotala wa ku Africa. Koma m'katimo ndinamva kugogoda kwapansipansi.

Ndinauza abwana zimene ndinamvazo, koma wogulitsayo anali atayamba kale kukwiya, akuti makinawo alibe chilema. Ndinaumirira kuti atsegule. Atatsegula, giya lina linali lothyoka mano awiri. Wogulitsayo anangoseka n'kuitanitsa tiyi. Tasankha makina enawo, osaoneka bwino koma olira mosalala. Abwera pa sitima ya pamadzi.

Apa ndiye pali pempho langa. Mukuwakumbukira a Chipulikano a ku Bangwe, amene anandiphunzitsa ntchitoyi ndili wosadziwa ngakhale kugwira sipanala? Agwira makina zaka makumi awiri, ndipo ulendo uno unayenera kukhala wawo. Abwana anati maso awo afooka, n'kusankha ine. Chiyambire tsiku limenelo sanandilankhule. Nditapita kukatsanzika anangoti ndiyende bwino, nkhope ataloza kukhoma, dzanja langa osalilandira. Zimenezi zandilemera njira yonse.

Chonde mukalandira kalatayi, Lamlungu lotsatira mukwere minibasi mukawapeze akaweruka kutchalitchi. Mukawawerengere za makinazi, pang'onopang'ono, osadumpha za giya. Kumvera ndi sikuludiraiva anandiphunzitsa ndi iwowo, ine ndikunyinyirika kuti ndi zachikale. Mukawauze kuti amene amati tsabola wakale sawawa sanafike ku Bombay. Abwana ndawauza kale pamaso pa Amwenye onse kuti khutu limene lawapulumutsa ndi la a Chipulikano, ine ndangolinyamulira. Ndawapemphanso kuti makinawa akafika asalizidwe mpaka mkuluyo atawamvera yekha, ndipo avomera. Akakakulandirani mozizira musakhumudwe. Mukangowerenga, n'kutsanzika.

Tinyamuka pa 26. Mupereke moni kwa amayi, muwauze kuti ndawapezera mafuta opaka mwendo onunkha ngati bulugamu. Moni kwa alamu, kwa amalume ku Machinjiri, ndi kwa a Monika oyandikana nafe amene ankati sindidzapitirira pa Lunzu. Ana muwauze kuti njovu sindinaione, asayembekeze bodza.

Tsalani bwino, achemwali. Mukatsikire pa siteji yachiwiri mukadutsa msika wa Bangwe, nyumba ya a Chipulikano ndi ya chitseko chobiriwira.

Ine mlongo wanu,
Abdula