Nyumba ya mayi isagwe

Bulawayo,
Zimbabwe.
14 Seputembala, 1992.

Okondedwa amalume a Jailosi,

Ndalemba nditagwada, ngakhale simukundiona. Muli bwanji kwathu ku Lifuwuko? Bondo lija linkakuvutani nthawi ya mwera layamba kukulolani kupalasa njinga? Nanga azakhali akudzuka bwanji? Kuno ine, amuna anga a Fletcher ndi kamdzukulu kanu Molly tikudzuka bwino, kungoti Molly akumera mano, ndiye aliyense m'nyumba muno akudziwa. Kalatayi ndapatsira a Luka, aja amayendetsa lole ya katundu, chifukwa ya papositi ikhoza kufika mvula itagwa kale, pamene nkhani yake siyodikira mvula.

Poyamba ndithokoze. Telegalamu ya maliro a mayi inandipeza mutaika kale. Molly anali wakhanda, wopanda mapepala odutsira pamalire, choncho ndinalirira kuchilendo konkuno, aneba atandizungulira, akundipepesa m'Chindebele chimene ndimachimva mwapatalipatali. Inu munasenza zonse, bokosi, okumba manda, chakudya cha anthu. Mlongo wanu munamuika mwaulemu. Mulungu akudalitseni.

Kuno chilala chatikhaulitsa. Madzi amabwera m'mipopi mwa apo ndi apo, ndipo akabwera aliyense amathamanga ndi chidebe, mphika, ngakhale ketulo. Ine mwana wa kunyanja, amene munkandikalipira chifukwa chochedwa kuvuuka, lero ndikusamba madzi a m'kabeseni, otsalawo n'kuchapira matewera. Ufa ndi wa yelo uja. Nsomba ndi kapenta wa mchere wokhawokha, ndipo mpunga wa kuno ukamapsa sununkhira n'komwe. A Fletcher amandiseka, akuti ndikangotchula mpunga wa faya wa ku Lifuwu ndimameza malovu.

Ntchito ikuyenda. Mukukumbuka kuti ndimajambula mapulani a nyumba. Chaka chino abwana anagula kompyuta, moti pensulo ndi rula tinazitsekera m'dilowa. Ndi makina okhala ndi galasi lowala, lalikulu ngati windo la kukhitchini. Pambali pake pali kachipangizo kotsetsereka patebulo kamene amakatcha mbewa, koma musasirire, sikadyeka. Ukakasuntha, mzere umayenda pagalasipo. Pofika madzulo maso amakhala atafiira, koma ndazolowera.

Ine andipatsa madenga. Anzanga amaimika makoma, ine n'kukweza mtanda, kugoneka mapaso, ndi kuwauza makinawo kuti denga litsetsereke motani kuti madzi asakhazikike. Olemera a kuno safuna malata. Amafuna matailosi, timapale tofiira tosanjikizana ngati mamba a chambo. Ndimajambula kamodzi kokha n'kulamula kuti kachulukane, basi makinawo amayala okha mzere ndi mzere kuyambira m'munsi, monga timafolerera udzu. Amachedwa moti ndimatha kufulula tiyi n'kumwa. Akamaliza, nyumbayo umatha kuitembenuza, kuionera kumwamba, kapena kulowa m'kati n'kuyang'ana kudenga.

Kulowa m'katiko ndi kumene kunandipweteketsa mtima. Tsiku lina masana, anzanga atapita kukadya, ndinati ndiyese nyumba yathu, ija abambo anga a Pitala anamangira mayi. Ndinaimika makoma, khonde loyang'ana ku mango, ndi denga la mbali zinayi. Udzu makinawo saudziwa, ndiye ndinafolera ndi matailosi omwewo, ndikuseka ndekha kuti mayi akanaona akanati ndayamba matama. Kenaka ndinalowa m'kati n'kuyang'ana kumwamba, monga tinkachitira ndi mng'ono wanga Eveles titagona pamphasa. Zonse zinali zowongoka bwino, koma sikunali kwathu. Panalibe mtanda wokhota uja, panalibe mwaye, panalibe chikwakwa chimene mayi ankatsomeka m'mapaso akaweruka kumpunga.

Pofuna kukonza ndinadina polakwika, makoma onse n'kufufutika. Denga linatsala lokha m'malere, popanda cholichirikiza. Kwa makina zimenezi n'zotheka, siligwa. Ndinaliyang'anitsitsa mpaka mnzanga wina anandipeza ndikupukuta misozi. Iye anayesa ndikuopa abwana. Anadina batani limodzi, makoma n'kubwerera, ndipo anandiuza kuti ndisamade nkhawa chifukwa pa kompyuta chogwetsedwa chimadzukanso.

Sabata yomweyo a Luka anafika ndi uthenga umene Eveles anawanong'oneza. Anati mutameta, akuluakulu a banja munakhala pansi n'kugwirizana kuti abambo asudzulidwe mvula isanagwe, abwerere kwawo kwa Maganga, ndipo nyumba ya malemu igwetsedwe monga mwa mwambo. A Luka anatinso iwo eni anadutsa pakhomo pa abambo. Mitolo ya udzu imene abambo anamweta mayi akadali moyo yangoyedzamira mango, ina chiswe chayamba kale. Anawapeza abambo ali pakhonde akunyowetsa luzi. Atawafunsa chifukwa chake sakukwera kukafolera pamene anzawo onse afolera, anayankha kuti iwo ndi mkamwini, akudikira mawu a eni mudzi. Nditamva zimenezi ndinakumbuka denga lija lili m'malere. Kwathu kulibe batani lobwezera makoma.

Amalume, eni mudziwo ndinu. Ine ndine mbumba yanu, ndipo sindikulimbana ndi mwambo. Ndikudziwa kuti nyumba ya agogo munagwetsa, palibe anadandaula. Ndikudziwanso kuti kusudzula n'kumasula munthu, si kumuthamangitsa. Koma tandiuzani, kwa Magangako mukuwamasulira kwa ndani? Alongo awo onse anatsogola. Ana a alongo awowo amangowadziwa ngati mkulu wina wa ku Lifuwu amene amabwera pamaliro atanyamula nsomba zouma. Abambo anabwera ku Lifuwu inu musanamere ndevu. Sikimu ya mpunga inawapeza ali pamudzi kale. Denga lanu lomwe, mwera utalinyamula chaka chija n'kukaliponya m'dimba, anakwerapo ndani? Ndikukuonani mpaka lero muli pansi mukuponya mitolo, iwo ali pamwamba akukalipa kuti mukuponya ngati kalaliki wa ku boma, inu mukungoseka.

Pempho langa ndi limodzi. Nyumba ya mayi isagwe, ndipo abambo akhalemo. Ngati pali zoyenera kuchita kuti mzimu wa mayi uuse, itanani abusa apemphere m'nyumbamo, kapena chitani zimene akuluakulu mukudziwa, ine sinditsutsa. Ngati ena akuti mkamwini sakhala pamudzi mkazi wake atapita, auzeni kuti nyumbayo tsopano ndi ya Pauline ndi Eveles, ana a malemu, ndipo eniakefe tasunga bambo wathu. Eveles sangakuuzeni zimenezi pamaso. Mukumudziwa, akakuonani amangokanda pansi ndi chala. Pakamwa pake ndine kuyambira tili ana, ndipo inu nomwe munkanena kuti pakamwa pangapa padzandipalamulitsa. Ngati ndapalamula lero, mudzandikalipire ndikabwera, ndidzakhala pansi n'kumva.

Mukavomera, chonde musatume munthu. Mupite nokha, mukakhale nawo pakhonde, muwauze kuti akwere. Akamva kwa wina sadzakhulupirira, adzati ana akungowanyengerera. Abambo sangakupempheni okha ngakhale mvula itawanyowetsa ali pamphasa. Mukadzanena kuti nyamukani, adzamanga kamtolo kawo, adzakuthokozani, n'kukwera njinga. Chimenecho ndicho chikundisowetsa tulo.

Ine ndikubwera pa Khirisimasi, mapepala a Molly atuluka. Musade nkhawa, mathalauza ndisiya konkuno, pamalire ndidzadutsa nditamanga chitenje ngati mwana woleredwa. Ndikufuna ndikaone manda a mayi. Koma ndikamachoka kumandako ndikufuna ndikhale ndi khomo lolowa. Molly agogo ake aakazi sanamuone. Agoneko m'nyumba mwawo, amve mmene mvula imagwera pa udzu, mwakachetechete, osati phokoso la malata a kuno. Ndikadzafika n'kupeza mulu wa dothi, maungu atayanga pomwe tinkagona, sindikudziwa kuti ndidzati ndafika kuti. Ndapukwa, amalume. Masiku ena ndimakhala pa basi yopita kuntchito n'kumva fungo la udzu wongofolera kumene, pamene kunja kuli utsi wa magalimoto wokhawokha.

M'envulopumu ndaikamo chithunzi cha nyumba ija, chimene makina anajambula papepala. Mukawapatse abambo. Mudzaona kuti mbali ya kumwera ndaikweza mofanana ndi zinazo, pamene iwo anaitsitsa mpaka munthu kuwerama podutsa, kuti mphepo isapeze polowera. Ndachita dala, koma musawaululire. Akaona adzapukusa mutu, adzati mwanayu sukulu yonse ija ankangopita kukacheza, ndipo adzafuna kundigwira dzanja, kundizungulitsa nyumba, kundionetsa pamene ndalakwitsa. Kuti zimenezo zitheke, nyumbayo ndiipeze ili chilili, iwonso ali pakhonde.

Mundiperekere moni kwa azakhali, kwa Eveles ndi alamu anga a Masiye, kwa asuweni anga onse, ndi kwa amayi a chigwirizano amene ndamva kuti anaimba mpaka kumanda. A Fletcher akupereka moni waulemu kwa nonse. Moni wa abambo musawapatse wokha, mukawapatse pamodzi ndi yankho lanu.

A Luka abwereranso kuno mwezi wa mawa. Akadzafika ndidzawafunsa chinthu chimodzi chokha, ngati udzu uja wachoka pa mango.

Ndatha ine mwana wa mlongo wanu,
Pauline.