Dzino Langa pa Chigoba cha Melchor

3 Disembala

Melchor Moposita. Ndiyambe ndi dzina limeneli.

Mu 1974 anabwereka chigoba changa cha mdyerekezi, cha nyanga zisanu ndi ziwiri, kuti akavinire gule wa Januwale. Chinanditengera miyezi inayi ndikumata mapepala. Wojambula zithunzi wa kumzinda wa Quito atafunsa amene anachipanga, iye anadziloza pachifuwa. Ine ndili pomwepo, nditamunyamulira jekete. Kukamwa gwa. Chigobacho sanabweze. Kuyambira pamenepo tauni yathu yonse ya Píllaro imati chigoba cha Melchor.

Lero a Maritza, aphunzitsi aja, alengeza kuti akusonkhanitsa zithunzi za zigoba zakale. Azikonza pa kompyuta, azisindikiza pa chinsalu chachikulu chokapachika pabwalo. Chilichonse ndi dzina la wochipanga pansi pake.

6 Disembala

Mvula. Mawondo. Mbira imodzi yafa.

Zoila, mwana wa Melchor, wapereka chithunzi chija. Chigoba chenichenicho anadya makoswe kalekale, Melchor naye ali kumanda. Mboni yatsala imodzi, dzino. Mano a nkhumba oika pachigobacho anandiperewera limodzi, ndiye ndinamatapo langa lomwe anandizula sabata yomweyo. Laling'ono, lachikasu, chakumanzere. Zaka zambiri ndinkaonetsa anthu mpata wake mkamwa mwangamu. Lero mkamwa monse ndi mpata.

10 Disembala

Ndinapita kwa a Maritza, chipewa chabwino kumutu. Mzere mpaka panja. Ana ndi zilombo zawo zojambula pamapepala, amayi ndi zithunzi m'maenvulopu. Aurelio wometa uja kungondiona: "Don Eleuterio, mwadzajambulitsa? Nkhope yanuyo sifunanso chigoba ayi!" Onse kuseka. Ndinabwerera pakhomo.

16 Disembala

Lero ndalowa. A Maritza anandipatsa mpando, ndi munthu waulemu. Chigoba changa chinatulukira pagalasi la kompyuta, chofiira kuposa tsiku lomwe ndinachipaka utoto. Zothimbirira zonse achotsa. Ndinawerenga mano ndi chala. Onse oyera, aatali, ofanana.

"Apa panali kadontho kachikasu, ndafufuta, ndakoperapo dzino la mbali inayo. Sichinakongole, bambo?"

Ndinati chakongola.

Pakamwa pangapa pandigulitsa kawiri tsopano.

17 Disembala

Mbatata zazizira m'mbale. Sindinazikhudze.

23 Disembala

Ndawauza a Maritza zonse, chipewa chili m'manja. Anamvetsera mpaka kumapeto, sanaseke. Akuti chithunzi chapepala Zoila wabwerera nacho ku Spain komwe amakhala. Chosakonzacho mwina chikadali mu kompyuta, mwina anasungira chatsopano pamwamba pake. Sindikumvetsa. Mapepala ndimawadziwa, ukamata lina pamwamba lapansi silichoka, ukhoza kukanda ndi chikhadabo. Zawozi akuti sizitero.

Za dzina, komiti ya gule ikutsata zomwe banja lalemba. Banja lake, inki yake. Ine ndili ndi chiyani? Nkhama.

"Ndiyang'ana, Don Eleuterio, koma Lachisanu tikutumiza kosindikiza." Anandiperekeza mpaka pamsewu, atandigwira mkono ngati wodwala.

26 Disembala

Chifuwa chayambiranso. Anesi akuti pa 1 Januwale, tsiku la gule, ndisakaime pamphepo. Ndikaima.

Ndakhala ndikuganiza pamene ndimamwetera mbira udzu. Dzinalo atenge Melchor. Walidya zaka makumi asanu, amalize. Langa ngakhale ine mwini ndimalilemba mokhota. Koma mdyerekezi uja sanali wokongola. Anali ndi dzino limodzi la munthu, lobowoka, ndipo amene linamupweteka masabata atatu ndine. Chomwe akufuna kupachika pabwalocho sindinapange ine, sanabe Melchor. N'chopanda mwini.

Mawa Lachisanu. Ndikakhala pakhomo pa a Maritza asanatsegule. Aurelio aseke.

Chimodzi chokha ndisanafe. Abwezerepo dzino langa.