Zakuda Ndavula, Tikupita Kukawedza pa Ayezi

Amayi anga, kodi kumeneko mukudzuka bwanji?

Kuno tilipo, ngakhale kuzizira kwayamba kuluma makutu. Ndikulemba ndili pathebulo la kukhitchini muno mu Barking, ndipo ndili ndi nkhani imene mukanakhala pano mukanandiponyera diso lija munkatiponyera tikamaseka m'tchalitchi. Koma ndiyambe ndi zabwino, paja inu munkati mlendo salonjeredwa ndi madandaulo.

Mng'ono wanga Esinati wachira, ndi mwana wamkazi, ndipo amutcha dzina lanu. Pachithunzi mphuno ndi yanu yomwe, mpaka kukwinya nkhope. Achimwene a Yohane akolola kachewere wambiri ku Bembeke chaka chino, moti agula njinga yamoto, ndipo agwa nayo kale kawiri. Ine kadimba kanga kaja ndimabwereka kuseri kwa njanji kanandipatsa nkhwani wokwana kugawira mpingo wonse, koma mpiru nkhono zinamaliza. Boyila ya m'nyumba inafa mwezi watha, landilodi n'kumangoti mawa, mawa, ife tikusamba madzi a m'ketulo ngati kwathu.

Nanga akamwini anu, bambo a Tadala, munawalandira? Anakutsatirani mosatsanzika. Anadzuka bwinobwino kupita kukayendetsa basi yawo, mtima n'kuima ali pa shifiti. Thupi tinalitengera kwawo ku Ntcheu, tinalira, tinameta. Koma zondisudzula, zoti abale awo andivule zakudazi n'kundiuza kuti pita ukakhale moyo wako, anati zidikire kaye. Choyamba anati mpaka chiliza chimangidwe. Chiliza chinamangidwa. Kenako anati malume awo, a Chimbalanga, akudwala mwendo. Mwendo unapola, ndiye anati tidikire anthu akolole. Mvula yachiwiri ikugwa kumudzi tsopano, ine ndikadali wakuda kuyambira duku mpaka nsapato. Kuchipatala ku Edmonton ndimavala yunifolomu ya buluu poti ndi lamulo, koma ndikangoweruka ndimabwerera m'zakuda ndisanakwere sitima.

Nkhani yake ndi iyi. Ine ndi mdzukulu wanu Tadala tikupita kumpoto kwa dziko la Sweden mu Febuluwale, sukulu ikatsekera. Tikagona m'tenti m'nkhalango, pakati pa chipale chofewa, ndipo masana tizikawedza nsomba panyanja youndana. Inde, mwamva bwino. Madzi amauma gwaa mpaka munthu kuyendapo, ndiye umaboola dzenje, n'kuponya mbedza pansi, n'kukhala pampando kudikira. Ndikudziwa chimene mukunena: mwana wa ku Dedza, amene ankalira ndi chisanu cha mu Juni, akafuna chiyani kumeneko?

Ulendowu si ine ndinauyamba. Ndi misala ya akamwini anu. Munthu woti sanagwirepo ngakhale themba limodzi m'moyo wake, koma akaweruka ankakhala ndi Tadala pasofa kuonera pafoni azungu akuboola ayezi. Anayamba kugula zida pang'onopang'ono: choboolera chachitali chopukusa ndi manja, matumba ogonamo, timitengo ta mbedza tifupitifupi ngati mthiko. Ine ndinkawaseka kuti bambo, nsomba zili mbwee kumsika wa ku Barking, zoundana kale. Iwo ankangoti, "Iwe seka, tsiku lina uzadya ya ine." Anamulonjeza mwanayo kuti akakwanitsa zaka khumi ndi zisanu adzapita limodzi. Zakazo wakwanitsa mwezi wathawu.

Amayi, mtsikana uja munkati ali ndi pakamwa ngati wailesi anazima. Chimwalirire bambo ake, akachoka kusukulu amangolowa kuchipinda n'kutseka. Mpira anasiya. Anzake anatopa kumuimbira. Aphunzitsi anandiitana kawiri, ndinapita naye kwa alangizi, koma kumeneko ankangoyang'ana kapeti. Ine namwino wosamalira ana a eni, wanga akundifotera m'manja. Ndinkachita mantha, ndipo sindikubisirani.

Loweruka lina ndikuchokera kudimba ndinamupeza pakhonde la m'nyumba atatulutsa choboolera chija m'kabati. Anali atachiimika pakapeti, akupukusa m'malere. Mukudziwa kuti Tadala Chichewa amamva koma amayankha m'Chingelezi. Tsiku limenelo anandiyang'ana n'kufunsa m'chilankhulo chathu, mawu amodzi okha: "Tipitabe?" Ndinayankha ndisanavule n'komwe nsapato zamatope. Ndinati tipita.

Kuyambira pamenepo m'nyumba muno mwabwerera phokoso. Tinapeza mayi wina wa konko amene amatsogolera alendo m'nkhalangomo, ndipo Tadala ndi amene amalemberana naye. Madzulo aliwonse amandiphunzitsa ngati ine ndiye mwana. Akuti katundu tizikakoka tokha pa tingolo topanda mateyala. M'tenti mumakhala mbaula ya nkhuni, pansi amayala zikopa. Usavale thonje, ukatuluka thukuta limakuundana pathupi. Mphutsi za nyambo uzisunge m'thumba lam'kati pafupi ndi chifuwa kuti zisafe ndi chisanu. Tangoganizani, mwana wanu kufungatira mphutsi! M'khosi tizikavala timisomali tiwiri tokhala ndi zogwirira, kuti ayezi akasweka uzibaya pamwamba n'kudzikoka. Tayeserera kale pansi pabalaza, ine ndikukwawa chamimba, iye akundilamula. Anaseka mpaka kutsamwa. Ndinali nditaiwala kuti kuseka kwake n'kwa bambo ake.

Vuto linabwera ndi positi. Mayi wotsogolera uja salola munthu kuponda panyanjapo osavala ovolosi yapadera, yofunda, imene imakuyandamitsa ukagwera m'madzi. Ndipo iyenera kukhala yowala, yoti akuone uli kutali kukachita chifunga. Yanga inafika yofiira psuu, ya mizere yonyezimira m'mikono. Ndinaikoloweka kuseri kwa chitseko kuti makwinya achoke.

Lamulungu lake kunabwera mlamu wanga Aginesi, mlongo wawo wa malemu, amene amakhala ku Ilford. Ameneyu ndiye m'bale yekhayo amene tili naye m'dziko lino. Ndi amene anandigwira dzanja kumochale, ndi amene ankagona ndi Tadala ndikakhala pa naiti. Atangotseka chitseko anakumana nayo maso ndi maso.

"Mlamu, chimenechi n'chandani?"

Ndinati n'changa, ndipo ndinamufotokozera zonse.

"Siriyasi? Inu simunasudzulidwe, mukuti mupite ku holide? Kukagona kutchire, mutavala ngati faya brigedi? Anthu azati chani?"

Ndinati anthu anene, pakamwa ndi pawo. Pompo anaimbira a Chimbalanga ku Ntcheu n'kuika foni pathebulo kuti tonse timve. Akuluwo sanakalipe, ndipo mwina kukalipa kukanakhala bwino. Anayankhula mofatsa. "Mayi, mkazi wamasiye sayendayenda. Zofiira n'za munthu amene mtima wake wapita kale kwina. Dikirani tikolole, tidzakhala pansi. Koma mukavala zimenezo tisanakumasuleni, ndiye kuti mwadzichotsa nokha. Za inu ndi za mwanayo ife sitidzalowereranso."

Ndinawafunsa mwaulemu kuti akolola liti, poti chimanga cha chaka chatha anadya kale. Ndinati ngati n'kovuta kusonkhana, Aginesi ali pompano, ndi mlongo weniweni wa malemu, andivule iyeyu. Anati mwambo suchitikira pafoni. Ndinati ayezi nayenso sadikira kholola, ikafika Epulo wasungunuka, ndipo mwana wanga sindingamuuze kuti abwerere kuchipinda akadikire chaka china. Foni inaduka. Aginesi ananyamula chikwama chake, tiyi osamwa.

Pano ndiye ndikufuna ndiyankhule ndi inu, Amayi, chifukwa usiku wonse amene ndinkakangana naye m'mutu si a Chimbalanga ayi. Ndi inu. Ndinkakumvani mukuti, kuona maso a nkhono n'kudekha. Maso a nkhono ndawaona ine kudimba, ndipo pamene ndinkadekha zinandidyera mpiru wonse. Inu munadekha. Abambo atamwalira, abale awo anakusungani m'zakuda mpaka nsalu inasanduka yotuwa, mukuigamba ndi ulusi. Pachinkhoswe cha a Yohane munakhala kuseri kwa nyumba, anzanu akuvina mwana wanu. Kwaya munasiya, inu amene munkayambitsa nyimbo. Pamene anakumbuka zokumasulani, mawondo anali atayamba kale kukana, ndipo simunaimbenso. Ine ndinali kamtsikana, ndinkaona zonse, ndipo zinkandipweteka. Mpaka lero zimandikwiyitsa. Anthu ankakutamani kuti ndinu mayi waulemu, koma otamawo ankapita kwawo kukavala zamaluwa.

Sindikunyoza mwambo. Ndinameta, ndinavala, ndinalira mwamuna wanga ndi mtima wonse, ndipo ndikumulirabe. Akanabwera kudzandimasula ndikanagwada pansi n'kuwomba m'manja. Koma mwambo umene eni ake auiwala pa alumali, ine ndiziusenza mpaka liti?

Dzulo ndinachapa zakuda zonse, kusita, n'kuzipinda bwinobwino m'chikwama. Ndinavala diresi yanga yobiriwira ija munkaikonda, n'kukwera basi ya ku Ilford. M'basimo ndinkaona ngati aliyense akundiyang'ana, chonsecho aliyense anali pafoni yake. Aginesi atatsegula chitseko anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Ndinamupatsa chikwamacho. Ndinati mlamu, izi n'za kwanu, ndazisamala, ndabweza.

Sanandilowetse m'nyumba. Anaima pakhomo atakumbatira chikwamacho. Kenako anati, "Mukudziwa, ndikamakuonani m'zakuda ndimaona ngati achimwene angochoka dzulo. Mukavula ndiye kuti apitadi."

Apo ndinazindikira kuti nayenso ankandisunga m'zakuda kuti asalire yekha. Ndinamumvera chisoni kwambiri, Amayi, koma chikwama sindinachilandirenso. Ndinamuuza kuti achimwene ake anapitadi, ndipo amene watsala ndi mwana wawo, amene akufuna kukaboola dzenje limene bambo ake anamulonjeza. Ndinati khomo langa ndi lotsegula, abwere tsiku lililonse. Anatseka chitseko pang'onopang'ono. Mwina adzabwera, mwina sadzabweranso. Pagulu la pafoni la banja lawo andichotsa kale m'mawa uno, ndipo ndikudziwa kuti ku Ntcheu dzina langa lili pamoto. Zikundiwawa, chifukwa anthu amenewa ndinawakonda, koma matikiti sindibweza.

Kunena zoona, mantha ndili nawo. Ndikuopa chisanu, ndikuopa kulira kwa ayezi kumene akuti kumamveka pansi pa mapazi, ndikuopa kudzuka m'tenti mbaula itazima. Mwinanso sitikagwira kanthu, tikangobwerako ndi chimfine. Zilibe kanthu. Tikagwira ngakhale kamodzi, kaya kachepe bwanji, tikakaotcha pomwepo ndi mchere, ndipo ndikadya. Muwauze akamwini anu kuti asanyade kwambiri.

Ngati mwakhumudwa nane, khumudwani, ndinu mayi anga, tidzakambirana ndikadzafika. Koma ndikulonjezani ziwiri. Mdzukulu wanu ndikamuyang'anira, sakaponda pamene mayi wotsogolera uja sanaponde, ndipo ndibwera naye wamoyo. Chachiwiri n'chakuti, Mulungu aletse, tsoka langali likadzamugwera iyenso ine ndili moyo, sadzadikira kholola la munthu aliyense. Ndidzamulola alire mpaka misozi ikwane, kenako ndidzamuvula ndi manja angawa, monga mmene ndinkafunira kukuvulani inu ndili wamng'ono.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani koopsa.

Ndine mwana wanu wosamva uja,
Felesiya