Mphasa kunsi kwa malata

Amayi,

Kodi kumeneko mukukhala bwanji? Ife kuno ku Ntchisi tilipo. Mtedza chaka chino wachita bwino, koma fodya ndasiya, msana sukulolanso.

Mpongozi wanu Nabanda anachira mu Juni, mwana wamkazi. Anabadwa masiku asanakwane, kakang'ono zedi. Potitulutsa, anamwino anatichenjeza kuti chimene chingatilande mwanayu ndi kuzizira. Inu mukuidziwa mphepo ya kuno nkhungu ikatsika m'phiri. Nyumba ija ndinaichotsa udzu n'kukhoma malata inali ngati chitini. M'mawa denga linkadontha thukuta, mwana n'kumalira mapazi ali zii.

Tsiku lomwe ndinkakhoma malatawo munaima pabwalo n'kunena kuti, "Malata amaletsa mvula basi, mwanawe. Udzu umasunga mpweya." Ine ndinakusekani, sindikukana.

Ndinapita ku Mponela kwa ogulitsa zomangira. Anandionetsa siling'i ya mabolodi, pepala lonyezimira loyala kunsi kwa malata limene limabweza kutentha kwa dzuwa, ndi china chonga thonje koma chopangidwa ndi galasi, choyabwa m'manja. Anandifotokozera kuti siling'i ndi thonjelo ntchito yake ndi kutsekera mpweya kuti usayende. Mpweya woima malo amodzi ndi umene umaletsa kufunda kuthawa m'nyumba nthawi yozizira, ndiponso kutentha kulowa nthawi ya chilimwe. Ndinakumbukira mawu anu aja m'sitolomo. Inu amene simunalowepo m'kalasi munazidziwa kalekale.

Ndinagula pepala lonyezimira lokha. Zotsalazo ndinachita monga munkachitira m'chipinda cha agogo atakalamba. Ndinakhoma mphasa kunsi kwa mitanda, ziwiri zosanjikiza, n'kusiya kampata pakati. Mipata ya pamwamba pa khoma ndinamata ndi dothi, koma kazenera ndinakasiya kotsegula, poti munkati mbaula ya makala siiyenera nyumba yotsekeka.

Kudontha kunatha. Mwana akunenepa, kusikelo anamwino akumwetulira. Tam'patsa dzina lanu, Rozaliya.

Abambo masiku ano amabwera m'mawa uliwonse ndi kampando kawo n'kukhala m'nyumba mwathu. Akuti mukumveka fungo la bango ngati nthawi imene munalipo. Amangoyang'ana kudenga.

Bango lina ndadula kale kudambo, likuuma. Dzuwa la Okutobala lisanafike, nawonso ndiwakhomera zawo, ndikulonjeza.

Ndimakukondani ndipo ndakusowani.

Ndine mwana wanu,
Yohane