Za Mlendo Uja Musafunsenso Pafoni

Ngabu, Chikwawa

Okondedwa atsibweni a Hilario,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku Mutarara pamodzi ndi onse apakhomo. Ife kuno tilipo. Mapira achita bwino chaka chino, thonje tatola kale, ndipo mng'ono wanga Loyce wachira, ndi mwana wamkazi.

Musadabwe kuti ndalemba papepala pomwe foni ndili nayo. Uthenga wamawu munatumiza uja ndinautsegulira kuchigayo, osadziwa kuti muli zotani, ndiye dzina la mlendo wathu munatchula lija linatuluka mokweza pakati pa anthu. Mwamwayi chigayo chinali chikulira.

Bambo akunyumba ankandilimbitsa mtima kuti, "Watsapu ndi yokhoma, ngakhale boma silingawerenge." Ndinawafunsa kuti, "Nanga akakulandani foniyo pamsewu n'kukuuzani kuti mutsegule?" Nambalanso ndinalembetsa ndi chiphaso changa. Kaya aboma amamvetseradi mafoni kaya ayi, ine sindidziwa, koma inu kwanuko mukudziwa mmene zinthu zilili.

Mlendo munkafunsa uja, wothawa kwanukoyo, ali bwino. Bala la pamwendo linapola, wayamba kunenepa, ndipo ana amukonda chifukwa amawaimbira nyimbo za Chisena. Akamva galimoto ikuima pafupi amalowabe m'nyumba, koma kuseka wayamba.

Kalatayi abwera nayo a Rodgers, ogulitsa nsomba aja. Pafoni tizingopatsana moni ndi zithunzi za khanda. Kwa mayi ake a mlendoyu mupite nokha, mukawauze pakamwa kuti mwana wawo akudya ndipo tulo akupeza.

Ndine mwana wanu,
Sellina