Makapisozi Ofiira a Alamu

Lolemba, 3 Malichi

Kuchipatala kuyambira m'mawa. Chiwindi cha bambo a ana chauma, zipsera zokhazokha, sichidzabwereranso mwakale. Mowa wa zaka makumi awiri ndi umenewo. Atipatsa mapiritsi ochotsa madzi m'mimba ndi mankhwala ena akumwa otsekemera. Mchere ayi. Adokotala anayang'ana ine, osati iwo: "Mayi, mukaona magazi m'chimbudzi, musadikire." Mimba ngati ya mayi wotopa, miyendo yotupa, maso achikasu. Ndikuopa.

Lachinayi, 6 Malichi

Atulukira alamu, achimwene awo aja. Analephera bizinesi ya matayala, analephera ya nkhuku, lero ati ndi mlangizi wa zaumoyo. Tayi, chikwama, nsapato zosongoka. Atulutsa botolo la makapisozi ofiira. Dzina lake akuti asitazantini, koma eni akewo amalitchula mosiyana nthawi iliyonse. Akuti amachokera ku ndere za m'madzi, amatsuka chiwindi n'kukhala chatsopano. Ndinafunsa ngati anawayesapo pa anthu odwala chonchi. "Pa makoswe zinatheka, mlamu." Makoswe! Amuna anga asanduka khoswe tsopano. Apongozi kuwomba m'manja ngati kwatsika mngelo.

Lamlungu, 9 Malichi

Botolo aliika pamwamba pa wailesi, pakansalu koluka, pamene panali chithunzi cha ukwati wathu. Mankhwala a kuchipatala ndawapeza m'kabati ya nsapato. Alamu akuti mankhwala awiri amalimbana m'thupi. Ndawatulutsa. Apongozi: "Inu mumasoka madiresi, za matenda mungazidziwire kuti?" Eetu, pomwe mwana wawoyo udokotala anauphunzirira pafoni. A kuchipatalawo ndikuwamwetsa bambo a ana mobisa kubafa. Wakuba m'nyumba mwanga momwe.

Lachisanu, 21 Malichi

Pamakina tsiku lonse, mayunifolomu a sukulu, msana wanga ine! Alamu awonjezera mlingo: atatu m'mawa, atatu madzulo. Anawerenga kuti zimenezo, kaya. Bambo a ana ayenda mpaka pageti lero, aseka. Alamu pompo kuwajambula, kutumiza kwa makasitomala awo, ati umboni. Munthu wouma kumaso ngati ameneyu sindinamuonepo. M'bale wako weniweni n'kumusandutsa chikwangwani cha malonda?

Koma kuseka kuja ndinali nditakusowa.

Lolemba, 24 Malichi

Chimbudzi chofiira. Ndinathamanga kukatenga kabuku ka kuchipatala. Apongozi n'kuimbira alamu. Iwo pafoni kuseka: "Ndi utoto wa makapisozi umenewo, mlamu, werengani pabotolopo. Zoipa zikutuluka." Ndawerenga. Zalembedwadi, timalemba ting'onoting'ono: chimbudzi chikhoza kufiira. Chitsiru chanena zoona kamodzi m'moyo wake. Kabuku ndabweza m'dirowa.

Lachiwiri, 25 Malichi

Chofiirabe, lero chakuderako. Akudandaula chizungulire. Milomo mbuu. Apongozi akuti ndiko kutsukako, tisasokoneze. Ndinali ndi diresi la mkwatibwi loti alitenge mawa, mikanda ya pachifuwa isanathe. Ndalimaliza. Lakongola.

Lachinayi, 27 Malichi

Dzulo masana anasanza magazi, beseni kufika pakati. Mitsempha ya kummero inaphulika. Ali m'chipinda cha odwala kwambiri, mapaipi m'mphuno, mapaipi m'mikono. Awathira magazi kanayi. Sakundizindikira.

Foni ya alamu yozimitsa. Mlangizi wa zaumoyo amaopa fungo la chipatala. Apongozi ali pabenchi, botolo m'chikwama, akufunsa anamwino ngati angawapatseko kapisozi mmodzi yekha. Ndinafuna kuwalavulira.

Adokotala anandiitanira pakhonde. Sanakalipe. Bola akanakalipa. Akuti akhala akutaya magazi m'kati kwa masiku, tikanabwera msanga akanamanga mitsemphayo isanang'ambike chonchi. Tsopano sakulonjeza kanthu.

"Zinayamba liti, mayi?"

Ndinatsegula pakamwa kuti nditchule alamu. Masabata atatu ndawanyoza, iwo ndi mayi awo, ndikudzitama kuti m'nyumba monse wamaso ndine ndekha.

"Lolemba," ndinatero.

"Anaona ndani?"

Ndine.