Kaboti Kotuwa ka ku Lungwena

Lolemba, 8 Julayi 2024

Kaboti kachinayi katha! Thupi ndasema pa mtengo wa malaina, denga ndi la zitini. Mapaipi awiri oponyera torpido, mabomba aja oyenda pansi pa madzi, ndadula pa eriyo ya wailesi yakufa. Ndafanizira ndi chithunzi cha pa foni cha maboti a pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse: ndendende, kungoti n'kotalika ngati mkono wanga.

Mkazi wanga Ajira akuti, "Munthu wa ndevu, zidole!" Chonsecho penti yotuwayi anakandigulira yekha ku boma.

Lachitatu, 10 Julayi

Ndakayesa pa gombe m'mawa. Kamota ka mabatire kali ndi ukali. Kathamanga osakhota mpaka kukagunda bwato la Wadi, msodzi yemwe amapita pa nyanja ndi alamu anga a Shafi, achimwene ake a Ajira. Gombe lonse kuseka. Wadi anagwira pamtima n'kudzigwetsa pa mchenga: "A Sulemani, mwatimiza!"

Lachinayi, 11 Julayi

Mwera woopsa. Bwato la Wadi lagubuduka. A Shafi awavuula amoyo. Wadi sakuoneka.

Lachisanu, 12 Julayi

Amupeza m'bango. Tamuika titachoka ku mzikiti koswali Juma. Ku manda ndinapereka moni kwa anthu, palibe anandigwira dzanja. Kumbuyo kwanga wina ananong'ona: "Si awa anamulasa ndi kaboti kaja? Mfiti ya malata." Shehe anamudzudzula. Sindinacheuke.

Lachiwiri, 16 Julayi

Chipatala. Ndikulemba ndi lamanzere, zilembo ngati mapazi a nkhuku.

Anthu a m'mudzi anabwera kunyumba Loweruka dzuwa lili pamutu. Ndinayamba kumva mluzu, kenako mwala pa malata. Chitseko anachithyola ndi mtanda wa bwato. Wina anandikoka mwendo mpaka pabwalo. Mateche, nsungwi, mchenga m'kamwa. Dzino ndinalimeza. Anthu oti ndimaswali nawo, ena ndinawawotcherera zidebe ndi manja angawa.

Timaboti anatitulutsa tonse, kutiponda, kuthira petulo. Penti ikamapsa imanunkha moipa. Wina anakuwa, "Nayenso pamoto pomwepo!" Anali atabweretsa kale tayala.

Ajira anadzigwetsa pamwamba panga. Anamumenya nsungwi ya pamsana, osachoka. Ndiye anabwera a Shafi, maso ofiira, nkhafi m'manja. Anamukankhira mlongo wawo kumbali, n'kuponda mkono wanga pa mwala wonolerapo mipeni. "Dzanja lake ndi ili." Anamenya ndi m'mphepete mwa nkhafi mpaka inasweka. Ndinamva zala zikuthetheka ngati chimanga chokazinga.

Galimoto ya polisi ndi imene inabalalitsa anthu. Tayala linatsala pabwalo.

Lachitatu, 17 Julayi

Adokotala achotsa zala ziwiri. Chachikulu akuti mwina chipulumuka. Mwina.

Ajira sakugonera msana. Za achimwene ake sitinakambepo, ngakhale kutchula dzina. Apongozi atumiza mawu kuti nkhaniyi ithere pa banja, a Shafi mutu sunali bwino, anaona mnzawo akumira. Ndikudziwa. Inenso Wadi ndikumulira. Koma ndikayang'ana bandejiyi magazi amandiwira.

Lachinayi, 18 Julayi

Kunabwera wapolisi, mayi Edith, Ajira akundimwetsa tiyi. Anafunsa molunjika: "Amene anakuphwanyani dzanja munamuona?"

Ndinayang'ana Ajira.

"Kunali fumbi, bwana," ndinatero. "Anthu anali ambiri."

Ajira anaika kapu pansi.

"Kunalibe fumbi. Ndi achimwene anga, a Shafi, bere limodzi. Ndinali pomwepo. Lembani."

Wapolisi anamufunsa ngati angakanenenso zomwezo ku khoti. Anati eya. Kenako anakonza mpango wake, n'kutuluka. Ndikumumva akulira pakhonde, ndipo sindingathe kudzuka kuti ndimutsatire.